Gulu lisafe chifukwa cha mliri: mmene tinayendetsera zinthu kuno ku Mulanje

Mitambo yayamba kale kusonkhana pamwamba pa phiri nde ndati ndilembe izi mvula isanatipeze, chifukwa tonse a kuno tikudziwa kuti ikangogwa yamphamvu zimbudzi zimagumuka, zitsime zimalowa madzi a m'njira, pakapita masabata awiri mumangomva kuti mudzi wakutiwakuti kwagwa kolera. Ine ndine mlembi wa banki mkhonde ya kwathu cha ku Chitakale, ndilinso mu komiti ya mjigo, ndipo zimene ndikulembazi tinazidutsa kawiri, nthawi ya Covid mu 2020 ndi 2021, kenako kolera ija inayambira ku Machinga mu Malichi 2022 n'kufalikira dziko lonse mpaka anthu opitirira 1,700 kumwalira, ndipo isanathe n'komwe namondwe wa Freddy anabwera mu Malichi 2023 n'kutikokolera milatho ndi nyumba. Magulu ambiri amene ndinkawadziwa, mabanki mkhonde, makalabu a alimi, magulu a achinyamata, anathera pamenepo. Mamembala ake alipo mpaka lero, timakumana nawo pa msika. Chimene chinapha magulu amenewo ndi mawu a tcheya akuti "tiyeni tiyime kaye mpaka zinthu zikhale bwino". Mukayima miyezi itatu amene anatenga ngongole amayamba kukuzembani, buku limadyedwa ndi chiswe, msungichuma amapita ku Joni kapena kuoloka ku Milange, pofuna kuyambiranso mumapezeka anthu 6 pa anthu 25. Nde ine ndimati gulu lichepe koma lisayime. Ndifotokoze mmene mungachitire.

Choyamba, tsiku lomwe mwamva kuti matenda afika m'dera, atsogoleri atatu okha, tcheya, mlembi ndi msungichuma, pitani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu, uja amabwera kudzapanga sikelo ya ana. Mufunseni kuti matendawa akuyenda bwanji kuchoka kwa munthu kupita kwa mnzake, chifukwa yankho lake ndi limene likuuzeni chimene musiye ndi chimene mupitirize. Apa ndi pamene anthu ambiri anasokoneza. Covid imayenda ndi mpweya, munthu akamatsokomola, kuyankhula kapena kuyimba pafupi ndi mnzake makamaka m'nyumba yotseka mawindo, nde pamenepo vuto linalidi kuunjikana. Koma kolera imalowera pakamwa, madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha wodwala, manja osasamba, ntchentche. Kukhala pa mkeka umodzi n'kumawerenga masheya sikupatsirana kolera ayi. Chikho chimodzi cha thobwa chozungulira gulu lonse ndi chimene chimapatsira, beseni limodzi losambamo m'manja anthu 20 madzi osasintha. Nde nthawi ya kolera ndinaona magulu akusiya kukumana kumene, koma anthu omwewo akupitiriza kudyera limodzi pa maliro, zinthu zozondoka. Mufunsenso mlangiziyo malamulo amene boma laika sabata imeneyo chifukwa amasinthasintha. Mu 2020 boma linalengeza za ngozi pa 20 Malichi, masukulu anatsekedwa pa 23 Malichi, misonkhano ya anthu opitirira 100 inaletsedwa matenda asanapezeke n'komwe m'dziko muno, odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo, ndipo pambuyo pake chiwerengero chololedwa chinkatsika n'kukwera. Musadalire zimene munamva mwezi watha.

Mukachoka kumeneko dutsirani kwa amfumu. Osatumiza mwana kapena meseji, pitani nokha, khalani pansi, afotokozereni. Ife tinati, "Amfumu, tabwera kudzakudziwitsani kuti gulu lathu silikuyima, koma tizikumana ochepaochepa panja potsatira zimene azaumoyo atiuza, ndipo ngati pali uthenga umene mukufuna ufike khomo ndi khomo titumeni ife." Mawu omalizawo ndi amene anatsegula njira, chifukwa amfumu nawonso amakhala apanikizika, a gulupu akuwafunsa, a komiti ya chitukuko ya VDC akuwafunsa, ndipo alibe miyendo yokwanira kuzungulira mudzi wonse. Mukawadumpha, tsiku lina munthu adzakanena kuti akutiakuti akusonkhanitsa anthu mobisa nthawi ya mliri, nkhani n'kukula pachabe.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene pagona moyo wa gulu, ligaweni m'timagulu ta anthu 5 kapena 6. Pogawa musatengere chibwenzi kapena mpingo, tengerani kuyandikana kwa makomo, amene amatunga pa mjigo umodzi, amene amadutsa njira imodzi popita kumunda. Onetsetsani kuti palibe kagulu kamene mamembala ake ali tsidya ndi tsidya la mtsinje. Ife poyamba tinalakwitsa pamenepa, tinaika mayi wina wa kutsidya pamodzi ndi a kuno chifukwa ndi pachibale, mvula itakula anakhala masabata atatu osaoneka, ifenso osadziwa ngati ali bwino. Amene mumakhala mphepete mwa Likhubula, Lichenya, Thuchila kapena Ruo mukudziwa mmene madzi ochokera kuphiri amabwerera, m'mawa mwaoloka pouma madzulo ndi chimtsinje. Kagulu kalikonse kasankhe munthu mmodzi woyenda, ife tinkangoti mthenga, amene ntchito yake ndi kutenga nkhani ndi ndalama kupita nazo kwa atsogoleri n'kubwerera ndi yankho tsiku lomwelo. Asakhale munthu wolemekezeka kwambiri amene anzake amaopa kumufunsa mafunso, akhale woti akachedwa anthu angathe kumuuza kuti mwachedwa.

Njira imeneyi sitinaiyambe ife. Akatolika ali ndi miphakati kuyambira kale, ndipo anzathu a ku Thyolo amene amamwa ma ARV akhala akupanga timagulu totumana, mmodzi amapita kuchipatala kukatengera anzake mankhwala, ulendo wotsatira amapita wina. Ife tinangotengera pomwepo. Timagulu tizikumana tsiku lomwelo ndi nthawi yomweyo imene gulu lonse linkakumana kale, ngati linali Lachinayi 2 koloko likhalebe Lachinayi 2 koloko. Musasinthe tsiku. Thupi la munthu limazolowera, likangotaya Lachinayi limodzi kapena awiri limapeza zina zochita.

Kenako mlembi atenge pepala alembe mayina onse m'magawo atatu: amene ali ndi foni ya WhatsApp, amene ali ndi kafoni ka mabatani, ndi amene alibiretu. Mudzadabwa kuona kuti gawo lachitatu ndi lalikulu kuposa mmene mumaganizira, ndipo ambiri mwa iwo ndi agogo ndi amayi amene foni ya pakhomo imayenda ndi bambo. Kwa ife pa anthu 25 a WhatsApp analipo 7 basi. Nde mukangotsegula gulupu pa WhatsApp n'kumati tamaliza, ndiye kuti mwapanga gulu latsopano la anthu 7 ndipo enawo mwawataya. WhatsApp ikhale ya athenga ndi atsogoleri, uthenga ukafika pamenepo mthenga aunyamule ndi miyendo. Kwa amene alibe foni lembani nambala ya neba amene wavomera kumalandirira uthenga wawo, ndipo mumufunse kaye nebayo, osangolemba.

Pa gulupu ya WhatsApp ikani malamulo tsiku loyamba lomwelo. Zidziwitso atumize mlembi yekha. Mauthenga akhale a mawu ojambula, afupiafupi osapitirira miniti imodzi, chifukwa si onse amawerenga msanga komanso bandulo ndi yodula. Mavidiyo ndi mauthenga ongopatsirana aja ochokera kosadziwika ayi. Tumizani madzulo cha m'ma 6 koloko, chifukwa anzathu otchola tiyi ku esiteti amachoka kukadali mdima ndipo foni imakhala yozimitsa mpaka aweruke, ena foni ili kotchajitsa pa golosale tsiku lonse. Ndalama ya mayunitsi a athenga ichoke m'thumba la gulu ndipo ilembedwe m'buku, musamusiye munthu azigwiritsa ntchito zake, adzatopa mwakachetechete n'kusiya kuyimba. Tinagwirizananso kuti membala akaflasha kawiri motsatizana ndiye kuti pakhomo pali vuto, mthenga aimbe pompo kapena athamangireko.

Tsopano nkhani ya ndalama, ndikhalitsapo pang'ono chifukwa magulu ambiri amafera apa. Nthawi yabwinobwino chimene chimasunga banki mkhonde ndi maso, bokosi limatsegulidwa pamaso pa onse, makiyi atatu ali ndi anthu atatu osiyana, ndalama zimawerengedwa mokweza aliyense akumva. Mukagawikana m'timagulu maso aja achoka, nde muyenera kuwabwezeretsa mwa njira ina, apo ayi kukayikirana kumalowa ngakhale palibe waba. Ife tinkachita chonchi: kagulu kalikonse kali ndi kakope kake, aliyense akaponya sheya zimalembedwa pamaso pa anzake asanu aja, mthenga amanyamula ndalama ndi kakope kupita kumene kuli bokosi, kumeneko kuli osunga makiyi atatu, msungichuma, mlembi ndi athenga, anthu osapitirira 10, panja. Akawerenga, mlembi amalemba manambala atatu m'kakope kalikonse: zalowa zingati lero, zatuluka zingati ndipo wabwereka ndani, m'bokosi mwatsala zingati. Mthenga akabwerera amakawerengera anzake manambala amenewo tsiku lomwelo. Mwezi wina ine ndinadwala malungo, masabata awiri manambala sanapite ku timagulu, ndipo pomwe ndimadzuka nkhani inali itafika kale pa chigayo kuti akomiti agawana ndalama. Palibe tambala inasowa, koma zinatitengera mwezi wathunthu kuti mitima ikhale pansi, ndipo mayi mmodzi anatulukabe. Kuyambira pamenepo manambala amapita ngakhale kugwe chimvula chotani.

Ngati mukufuna kugwiritsa ntchito Airtel Money kapena Mpamba, zimathandiza makamaka mitsinje ikadzaza, koma samalani. Ndalama za gulu zisamalowe mu nambala imene munthu amagwiritsa ntchito pa zake, zimasakanikirana ndi za ndiwo ndipo ngakhale munthu wokhulupirika amasokonezeka. Pezani simu yapadera, gwirizanani kuti ilembetsedwe m'dzina la ndani ndipo zilembedwe m'buku anthu asainire, foni isungidwe ndi munthu wina, nambala yachinsinsi aidziwe wina, kuti potapa pakhale anthu awiri ngati mmene makiyi a bokosi amakhalira. Kambiranani msanga za ndalama imene amadula potumiza ndi potapa kwa ejenti, alipire ndani, wotumiza kapena gulu, chifukwa timakwacha timeneti ndi timene timayambitsa mikangano. Meseji iliyonse yotsimikiza kuti ndalama yalowa isafufutidwe mpaka mlembi ailembe. Ndipo auzeni agogo ndi aliyense kuti akalandira meseji yoti "ndalama ija tumizani pa nambala iyi", asatumize, afunse kaye mthenga pamaso. Akuba a pa foni amachuluka nthawi imene anthu sakuonana.

Ngongole nazonso muzikhudze msanga anthu asanayambe kubisala. Mliri ukabwera mabizinesi ang'onoang'ono ndi amene amayamba kugwa. Nthawi ya kolera kugulitsa zakudya zophikaphika kunaletsedwa m'malo ambiri, nde mayi amene anabwereka K40,000 kuti aziphika mandasi ndi zitumbuwa pa sukulu abweza ndi chiyani? Nthawi ya Covid amene ankaoda katundu ku Limbuli kapena kuoloka pa Muloza anavutikanso chimodzimodzi. Mukaumirira malamulo a nthawi ya mtendere munthu amachita manyazi, amasiya kubwera, ndipo mumataya ndalama ndi munthu yemwe. Ife tinagwirizana kuti chindapusa cha kuchedwa chiyime, sheya yotsikitsitsa itsike kuti aliyense aziponyabe kangachepe, amene bizinesi yake yaimadi apatsidwe miyezi iwiri yoonjezera popanda chiwongoladzanja china, ndipo ngongole zatsopano zikhale zazing'ono. Koma mgwirizano umenewu udutse m'timagulu tonse, aliyense anene maganizo ake, ulembedwe ndi tsiku loyambira komanso tsiku lothera. Akomiti asapange okha. Ndipo ukhale wa aliyense amene ali m'vuto lofanana, osati wa mlamu wake wa tcheya yekha.

Thumba la zadzidzidzi lija timaponyamo timakobiri tochepa sabata ndi sabata, ino ndi nthawi yake. Likwezeni pang'ono ngati anthu angathe, ndipo nenani poyera ntchito yake: kabaza wopititsa wodwala kuchipatala, sopo, mapaketi a Thanzi obwezeretsa madzi m'thupi, mayunitsi a athenga. Gawo lina la ndalama imeneyi lisakhale m'bokosi la maloko atatu, likhale ndi mthenga wa kagulu kalikonse, yokwanira ulendo umodzi wa njinga yamoto usiku, chifukwa munthu akayamba kutsegula m'mimba 1 koloko usiku simungayambe kudzutsa osunga makiyi atatu.

Pokumana pa kagulu, khalani panja pansi pa mtengo kapena pa khonde lopita mphepo, ndipo musachedwe, theka la ola lakwana. Pakhale chidebe cha kampopi kapena mpondagiya ndi sopo, aliyense asambe pofika, amene awerenga ndalama asambenso pomaliza. Kusamba kwake kukhale kothirirana, madzi oyenda, osati kuviika m'beseni. Zakudya ndi zakumwa pa msonkhano ziyime kaye. Ikakhala nthenda ya mpweya ngati Covid, talikiranani, valani mamasiki, nyimbo yotsegulira ija isiyeni kaye pemphero likwana. Amene akutsokomola, akumva kutentha thupi kapena m'mimba mwavuta, kaya iyeyo kaya mwana wake, asabwere ndipo asalipitsidwe chindapusa cha kujomba, atumize sheya yake. Lamulo la chindapusali mukaiwala kulichotsa anthu amabwera akudwala poopa K200.

Chinanso chimene ndinaona n'choti gulu limene likungotolera ndalama basi nthawi ya mliri limazizira, koma mukalipatsa ntchito yokhudza matendawo anthu amaona chifukwa chobwerera. Ntchito zilipo zambiri ndipo azaumoyo amasowa manja. Boma litalengeza pa 5 Disembala 2022 kuti kolera yafika poopsa, kenako kukhazikitsa kampeni ya Tithetse Kolera mu Febuluwale 2023, klorini ankabwera kudzera kwa alangizi a zaumoyo, koma mlangizi mmodzi ali ndi midzi ingapo. Ife athenga athu ankakatenga m'mabotolo n'kugawa khomo ndi khomo. Muyezo wake tsatirani umene mlangizi wakuuzani, osaonjezera poganiza kuti ndiye agwira bwino ntchito chifukwa madzi akanunkha kwambiri ana amakana n'kukamwa a pachitsime. Mukathira dikirani mphindi 30 musanamwe, sungani m'chidebe chovindikira, ndipo potunga musaviikemo chikho chomwera. WaterGuard wa m'golosale amagwiranso ntchito yomweyo, malangizo ali pa botolo. Zonsezi zikasowa, wiritsani madzi mpaka abwate. Akomiti ya mjigo tinkasesa ndi kutsegula ngalande kuti madzi asadikhe, ndipo anyamata a m'gulu anakumbira zimbudzi agogo atatu amene zawo zinagwa, Loweruka limodzi agogo amodzi.

Membala aliyense adziwe zizindikiro ndi chochita, muzibwereza pa kukumana kulikonse mpaka anthu aziloweze. Kolera munthu amatsegula m'mimba madzi okhaokha ooneka ngati otsukira mpunga, kawirikawiri, nthawi zambiri amasanzanso, ndipo madzi amatha m'thupi mofulumira moti munthu wamphamvu akhoza kumwalira tsiku lomwelo. Osadikira kuche, osayamba kwa asing'anga kapena kukagula makapisozi pa golosale. Yambani kumumwetsa Thanzi pompo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi otetezedwa, pang'onopang'ono ngakhale akusanza, ndipo apitirize kumwa ali pa njinga popita kuchipatala. Thanzi akasowa, lita imodzi ya madzi abwino, shuga timasupuni ta tiyi 6 tosasefukira, mchere theka la kasupuni, takasani. Mwana woyamwa apitirize kuyamwa. Kagulu kalikonse kakhale ndi manambala a akabaza awiri amene avomera kudzuka usiku, ndipo kambiranani nawo mtengo pasadakhale. Lembaninso pa chikuto cha kakope nambala ya Chipatala Cha Pa Foni, kumene mumayankhula ndi azaumoyo.

Musaiwalenso kuti matenda ena sapita kutchuthi. Nthawi ya Covid anthu ena ankaopa kuchipatala mpaka kudumphitsa ma ARV, mankhwala a TB, a BP, sikelo ya amayi oyembekezera. Mthenga azifunsa mwaulemu, pambali, kuti "amayi, mankhwala aja akadalipo?" basi, osafunsa pagulu.

Za mphekesera. Ife a ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo sitifunika kuuzidwa zimene mphekesera imachita, tinaona mu 2017 nthawi ya anamapopa anthu osalakwa akuphedwa, azaumoyo akuopa kulowa m'midzi. Katemera wa Covid atafika mu Malichi 2021 zinayambanso, ena amvekere ndi chizindikiro cha 666, ena akuti simudzaberekanso, pa kolera ena ankati kuchipatala ndi kumene akupha anthu. Nkhani zimenezi zidzalowa m'gulu lanu ndithu, ndipo amene adzazibweretse ndi munthu wabwinobwino amene ali ndi mantha. Musamuseke, musamukalipire pagulu, akachita manyazi amakazinenera kuseri kumene simungamuyankhe. Ife tinaika mphindi zisanu pa kukumana kulikonse za "mwamva zotani sabata ino", aliyense anene zimene wamva kumsika, kutchalitchi, pa minibasi, mthenga azilemba, n'kupita nazo kwa mlangizi wa zaumoyo, sabata yotsatira n'kubwera ndi yankho. Funso limene linkathandiza kwambiri ndi lakuti, "Amene wakuuzaniyo anaona yekha kapena nayenso anamva?" Nthawi zambiri nkhani imathera pomwepo. Pa katemera, kaya wa Covid kaya wakumwa uja wa kolera, atsogoleri tinayamba ndife, anthu akuona, ndipo sabata yotsatira anationa tili bwinobwino tikupalira. Sitinakakamize munthu ndipo sitinachotse munthu m'gulu chifukwa chokana. Amene ali ndi wailesi azimvera nkhani pa Mzati, MBC kapena Zodiak n'kuuzako anzake a m'kagulu.

Chovuta kuposa zonse ndi maliro, ndipo sindinama, apa mtima umawawa. Mwambo wathu ndi wogona pa siwa, amayi kuphika, adzukulu kudya akachoka kumanda, ndipo gulu limene silioneka pa maliro a membala wake ndiye kuti latha. Koma munthu akamwalira ndi kolera thupi limakhala likadali ndi tizirombo tambiri, azaumoyo ndi amene amalikonza ndi klorini, achibale sasambitsa, maliro amaikidwa msanga ndipo kuphika pamalopo kumaletsedwa, chifukwa maliro amodzi akhoza kudwalitsa mudzi wonse. Nde gulu lichite chiyani? Ife titataya mwamuna wa membala wathu tinakhala pansi n'kuona kuti zimene namfedwa amafuna kwenikweni ndi kuona nkhope zathu ndi kusasowa chakudya masiku otsatira. Chipepeso cha m'thumba chinapita tsiku lomwelo ndi tcheya. Kumanda kunapita ochepa monga anatiuzira azaumoyo. Kenako timagulu tinagawana masiku, Lolemba awa, Lachitatu awa, kwa masabata atatu, kupita awiriawiri ndi ufa, nyemba, nkhuni, sopo, zosaphika, kukhala panja n'kucheza nawo. A tcheya anawauza kuti, "Achemwali, sitinakuthaweni, tikubwera pang'onopang'ono kuti tisakusiyeni nokha mwezi wonse." Mayi aja anadzanena okha pambuyo pake kuti masiku amene anthu onse amakhala atabalalika ndi amene ife tinkafika.

Amene wachira mulandireni poyera. Kuno anthu ankasala nyumba imene mwatuluka wodwala, osagula tomato wawo, ana osasewera ndi ana awo. Mlangizi wa zaumoyo akanena kuti munthu ali bwino, abwere pa kagulu, akhale pamalo pake, ndipo atsogoleri mukhale oyamba kukagula pa benchi yake. Dzina la wodwala lisalembedwe pa WhatsApp pokhapokha mwini wake kapena banja lake lavomera.

Udindo uliwonse ukhale ndi wachiwiri amene akudziwadi ntchito, osati wa dzina lokha. Wachiwiri kwa mlembi alembe yekha buku kamodzi pa mwezi mlembi ali pomwepo. Osunga makiyi anene kwa tcheya munthu amene angapatsidwe kiyi iwo atagonekedwa. Athenga azisinthana pakatha miyezi iwiri chifukwa ntchito yoyenda imatopetsa ndipo nawonso ali ndi minda ndi ana. Buku lalikulu likulungidwe mu pulasitiki kawiri n'kuikidwa pamwamba, ndipo mwezi uliwonse amene ali ndi foni ya kamera ajambule masamba onse n'kutumizira anthu awiri okhala mbali zosiyana za mudzi. Freddy atadutsa ndinakumana ndi mlembi wa gulu lina atanyamula buku lomatana ngati chigumu, inki yonse itasungunuka, ngongole za anthu 30 zili mmenemo. Timakope ta timagulu tija timathandizanso pamenepa, buku lalikulu likatayika mumatha kulidzutsa kuchokera mmenemo.

Pobwerera ku msonkhano wa onse musathamange chifukwa choti mwaona anthu adzaza pa msika wa Chitakale kapena ku Nkando, funsani mlangizi yemwe uja munayamba naye, ndipo dziwitsani amfumu. Msonkhano woyamba ukhale wa buku basi. Mlembi awerenge mokweza kuyambira sabata imene munagawikana mpaka lero, athenga ali ndi timakope m'manja akutsatira, pamene pasiyana muime mukonze pomwepo, bokosi litsegulidwe ndalama ziwerengedwe onse akuona. Malamulo ofewetsa ngongole aja anenedwe kuti atha liti. Amene anasowa nthawi yonseyi musawafufute msanga, tumani anthu awiri akawaone kaye kunyumba, ena mudzapeza kuti chinawabisa ndi ngongole ya K10,000 ndi manyazi. Ngati nthawi yogawana ya Disembala yafika ngongole zina zisanabwere, gwirizanani onse kaya kusuntha tsiku ndi mwezi umodzi kaya kugawana zimene zilipo n'kulemba zotsalazo, koma tsiku latsopanolo litchulidwe pomwepo.

Timagulu tija musatithetse. Ife mpaka pano tilipo tinayi, mndandanda wa mafoni timaukonzanso mwezi wa Okutobala chaka chilichonse chifukwa manambala amasintha ndipo ena amasamuka, mapaketi a Thanzi timaona madeti ake n'kugula ena, akabaza timawafunsanso ngati akadali pa nambala zomwe zija. Lachinayi likubwerali ndi limene tikuchita zimenezi, ndipo mlangizi wathu wavomera kubwera kudzationetsanso kathiridwe ka klorini chifukwa chaka chino talandira mamembala atsopano 5.